Chifuwa cha Bambo ndi Chifuwa cha Enelesi

Lolemba, 6 Meyi 1957

Andigoneka lero, bedi nambala 14, wodi ya amuna a chifuwa chachikulu, kunja kwa Gatooma. Dzina langa ndi Nowa Chalo, zaka 26, ntchito yoboola mwala pansi pa mgodi waung'ono kufupi ndi Hartley. Kabuku aka wandipatsa Gordon, odali wothandiza manesi muno, akuti munthu wodziwa kulemba asamangowerenga malata a padenga. Sikelo: mapaundi 118. Chaka chatha ndinali 146. Kutentha kwa thupi 101. Andipatsa kapu yachitsulo ya chivindikiro yolavuliramo.

Ndabwera ndekha pa sitima. Mwana wanga Enelesi, wa zaka zisanu, ndamusiya kukomboni ndi bambo anga ndi mlongo wanga Tabitha. Amayi ake a Enelesi anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Pamene ndinkatuluka pakhomo n'kuti mwanayo akukhosomola, ndipo ino ndi sabata yachitatu akutero.

Lachitatu, 8 Meyi

Andijambula chifuwa. Dokotala anakweza chithunzi pawindo n'kundionetsa bowo kumtunda kwa phapo lakumanja, akuti fumbi la mgodi linayamba ntchitoyo ndipo matenda akuimaliza. Mankhwala: jakisoni wa streptomycin m'mawa uliwonse, mibulu ya PAS kanayi pa tsiku, yaikulu ngati mabatani a jasi, ndi timapiritsi ta INH. Osadzuka pabedi kupatula popita kuchimbudzi.

Dokotala anafunsa, Gordon akumasulira, kuti ndimagona ndi ndani ndipo ndani wina akukhosomola kwathu. Ndinati mwana. Anafunsa za bambo, ndinati ali bwino. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazi, awa ndi mawu oona oyamba amene ndauza mzungu za bambo anga.

Walemba kalata kuti Enelesi abwere adzajambulidwe. Akuti ana akagwidwa msanga amachira. Akapezeka nawo matendawa, nyumba yonse idzajambulidwa ndipo ofesi ya mgodi idzauzidwa. Mawu otsirizawa andikhala pamtima ngati mwala.

Loweruka, 11 Meyi

Pabedi 13 pali Che Salehe, Myao wa ku Fort Johnston, wagwira m'migodi ya ku Battlefields zaka makumi atatu. Anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Nditatchula dzina anati: "Aa, Chalo woimba simbi uja? Wodwala uja? Akadali moyo?" Mbiri ya chifuwa cha bambo inafika mpaka ku Battlefields, zoona! Ndinangoti akadali moyo. Koma pano ndilemba, poti kabuku sikapita kukomboni.

Bambo anga sadwala. Sanadwalepo ngakhale litsipa. Mu 1939 mwala unagwa pansi n'kuphwanya mnzawo amene anachoka naye ku Dedza, iwo ataima pafupi kwambiri moti magazi anawagwera pa nsapato. Anatuluka tsiku limenelo ndipo sanafunenso kulowa. Zimenezo sindiwadzudzula nazo. Koma kukana ntchito kunali kutaya nyumba ndi phoso, ndiye anayamba kukhosomola. Ankameza madzi a fodya kuti atuluke thukuta ndi kusanza, ankaika anyezi m'khwapa asanapite kwa dresa wa kuchipatala cha mgodi kuti thupi litenthe. Kenaka anagula nkhunda ziwiri.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ntchito yanga inali kugwira nkhunda, iwo akuibaya ndi singano pansi pa phiko, magazi n'kudonthera pa kansalu. Ankasakaniza ndi malovu kuti aoneke a m'chifuwa. Kenaka ine ndinkathamanga nako kwa kalaliki ndikulira. Kulirako anachita kundiphunzitsa, ndipo ndikalira bwino ankandipatsa mutu wa nsomba. Mzungu woyang'anira mgodi nthawi imeneyo anachita mantha kuti nkhani ya fumbi ingafike kuboma, n'kuwapatsa ntchito yoimba simbi ya shifiti ndi kusesa. Chikhalirecho mpaka lero.

Lamulungu, 12 Meyi

Tabitha wabwera ndi mbatata zowotcha ndi nyemba. Ndamupatsa kalata ya dokotala ndipo ndamuwerengera kawiri. Pamene ndinafika pa mawu a nyumba yonse, anasiya kumasula mpango wa chakudya. Anati akawauza bambo. Ndinati asawauze, angomutenga mwana n'kukwera sitima. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti akabe ng'ombe.

Enelesi akuti sakumaliza sadza yake, ndipo akudzuka bulangete litanyowa ndi thukuta.

Lachinayi, 16 Meyi

Jakisoni wachisanu ndi chitatu. Matako atupa mbali zonse. PAS akundipotokola m'mimba. Sikelo 116.

Lolemba, 20 Meyi

Tabitha sanabwere dzulo. Alendo a anthu ena anadzaza wodi, ine ndinatembenukira kukhoma n'kumakumbukira amayi.

Nyama ya phoso Loweruka inkapita kwa wodwala, ife n'kumanyambita msuzi. Nkhuni amayi, madzi amayi, denga likadontha amayi. Anthu a ku tchalitchi ankabwera kudzapempherera bambo, iwo atagona pamphasa, maso atatembenuza, mawu ngati a munthu wotsanzika. Alendo akangokhota pangodya bambo ankadzuka n'kufunsa kuti asiya chiyani. Kumunda kwawo kuseri kwa phiri la mchenga wa mgodi, kumene kulibe maso, ndinawaonapo akunyamula thumba lodzaza chimanga n'kuliponya paphewa okha.

Amayi anadwala m'mimba chaka chathunthu osauza munthu. Tabitha atawapeza akubisa nsalu zamagazi, amayi anati nyumba imodzi simudwala anthu awiri. Anamwalira ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Pamaliro bambo anakomoka kawiri, ndipo anthu anasiya bokosi n'kumawakupiza. Chaka chotsatira kapitawo anati nyumba ya zipinda ziwiri ndi ya banja lokhala ndi munthu wogwira ntchito pansi pa mgodi, ndiye ndinasiya sukulu n'kulowa.

Ine nditalavula magazi koyamba mu Januwale, Tabitha anatuluka kukayang'ana m'khola ngati nkhunda zonse zili bwino. Sindimukwiyira. Inenso ndinakhala miyezi itatu ndikudziuza kuti mwina ndangotengera.

Lamulungu, 26 Meyi

Tabitha wabwera, mwana ayi. Bambo akuti Enelesi sakudwala, akungotsanzira agogo ake, ana amatero. Akutinso kalata ya dokotala ikufuna kutigonetsa m'tchire tonse, chifukwa mzungu wa tsopano ndi wouma mtima, akangomva kuti chifuwa chawo n'choyera adzawathamangitsa tsiku lomwelo, ndipo komboni yonse idzawaseka.

Ndinakalipa mpaka sisitala anabwera. Ndinati awaseke, mano ndi awo! Kodi nyumba ya matope ndi mwana chachikulu n'chiti? Tabitha analira, n'kunena kuti ine ndili ndi bedi muno, iye ndi ana ake awiri akagona kuti. Mwamuna wake anapita ku Joni ndipo sanalembepo kalata. Madzulo kutentha 102.

Lachiwiri, 28 Meyi

Ndamuuza Gordon kuti kwathu akuzengereza. Chifukwa chake sindinamuuze. Zaka zonsezi ndasunga chinsinsi cha bambo ngati dzira, ndipo ngakhale pano ndikafuna kuchitchula ndimamva ngati ndikuwavula pagulu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Gordon wakauza dokotala. Kalata yachiwiri yapita pa positi: mwana asapofika pa 10 Juni, galimoto ya azaumoyo idzapita kukomboni kukatenga nyumba yonse.

Loweruka, 1 Juni

Kuzizira kwayamba. Mawindo satseka, akuti mphepo ndi mankhwala. Wa pabedi 9, mnyamata wa ku farmu ya fodya, amutulutsa m'mawa atamufunditsa mpaka kumutu. Che Salehe anamupempherera m'Chiarabu ngakhale sanali Msilamu. 114.

Lachisanu, 7 Juni

Abwera naye! Ana saloledwa muno, koma Gordon anandigwira mkono n'kundiimika pawindo. Kutsidya kwa bwalo ndinaona Tabitha atagwira mwana wa diresi lachikasu lija ndinagula pa Khirisimasi. Ndinagwedeza dzanja, mwanayo sanayang'ane. Ndinati dzuwa lamuthobwa m'maso. Analowa m'nyumba yojambulira, ine n'kubwerera pabedi. Ndadya phala lonse, ndapemphanso lina. Tabitha sanalowe kudzandiona, akuti amathamangira sitima.

Lolemba, 10 Juni

Dokotala anaima pabedi langa akumwetulira. Mwana alibe kanthu, mapapo oyera, nyumba sijambulidwa. Che Salehe anandigwira dzanja. Ine ndinalira, osachita manyazi.

Masana Gordon akupukuta kabati yanga anati ndili ndi mwana wonenepa bwino, mapaundi 52, wasekedwa ndi manesi chifukwa cha mano akutsogolo amene aguluka. Ndinamufunsa kuti mano ati. Ndinamufunsanso ngati anaona chipsera cha moto padzanja lamanzere, chachikulu ngati ndalama ya hafukoroni. Anati anamugwira manja onse awiri pomuimika pa makina ndipo sanaone chipsera. Mwanayo akuti ankayankha m'Chishona chokha.

Enelesi mano ake ndi athunthu. Ndinamukweza pa sikelo ya kusitolo mu Epulo, anali 33. Ndipo tsopano ndakumbukira kuti diresi lija linali pamwamba pa mawondo, pamene Enelesi limamufika kunsi kwa mawondo. Abwereka mwana wa eni ake n'kumuveka diresi la mwana wanga.

Lachiwiri, 11 Juni

Sindinadye. Kutentha 103.

Lachinayi, 13 Juni

Ndaulula zonse kwa dokotala, nkhunda, anyezi, kansalu, diresi. Mkhate usweke basi. Ndinalankhula mofulumira, ndikukhosomola, Gordon akuvutika kumasulira. Dokotala anamvetsera atapinda manja, kenaka anayang'ana khadi la kutentha kumapazi kwa bedi n'kulankhula ndi sisitala motsitsa. Gordon anandiuza pambuyo pake kuti akuti odwala ambiri akatentha thupi amaona zinthu, ndipo khadi likuti Enelesi Chalo, wamkazi, woyera, abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Andionjezera piritsi logonetsa.

Kalanga ine. Ndili mwana ndinkanama ndipo kalaliki, dresa ndi mzungu onse ankandikhulupirira. Lero ndikunena zoona akundipatsa piritsi.

Lamulungu, 16 Juni

Tabitha anabwera ndi mazira awiri owiritsa. Sindinamupatse moni. Ndinangomufunsa kuti mwana uja ndi wa ndani. Anakhala nthawi yaitali akusenda dzira, kenaka anati ndi wa mayi wina wa ku farmu yoyandikana, bambo anamulonjeza diresilo.

"Achimwene, mundikhululukire. Anati ndikakana andilavulira malovu a tsoka, ine ndi ana anga."

Ndinamufunsa za Enelesi. Akuti sakuseweranso panja, amakhala padzuwa atatsamira khoma. Bambo amamupatsa madzi a masamba a bulugamu ndipo amamuuza kuti akhosomolere m'nyumba, anthu asamve. Ndinamupempha Tabitha kuti akanene mawu omwewa kwa sisitala, ali apo pa tebulo, masitepe khumi okha. Anayang'ana sisitala, anayang'ana ine, n'kunena kuti amumanga. Anasiya mazira pakabati n'kupita.

Lachitatu, 19 Juni

Ndinayesa kuthawa. Ndinavala jekete pamwamba pa zovala za chipatala nthawi ya chakudya cha masana, ndinadutsa khitchini, ndinafika pa mtengo wa jakaranda pafupi ndi chipata. Pamenepo dziko linazungulira. Anandinyamula awiri. Magazi theka la kapu. Zovala zanga azitsekera m'kabati ya sisitala.

Lachiwiri, 25 Juni

M'makutu mukulira ngati makina oboolera. Akuti ndi jakisoni. Ndikayenda ndimadzandira ngati woledzera. Makhololo apimidwanso, tizilombo tikadalipo. 109.

Ndalembera kalata abusa a ku Hartley. Gordon waiponya.

Lachitatu, 3 Julayi

Abusa ayankha. Akuti anapita kukomboni, anapeza bambo ali chigonere, ofooka ndi nkhawa ya ine, ndipo anawapempherera. Mwana sanamuone, anauzidwa kuti wapita kukasewera. Akundilangiza kuti matenda asandichititse kuiwala lamulo lachisanu, lolemekeza makolo. Ndaing'amba, ndaponya m'kapu yolavulira.

Lachiwiri, 9 Julayi

Tsiku lalikulu la Asilamu. Abale a Che Salehe abwera ndi nyama ya mbuzi ndi mpunga, agawira wodi yonse. Ine ndinangonunkhiza. Che Salehe anakokera bedi lake pafupi n'kulankhula mokweza m'khutu langa lakumanzere, lomwe likumvabe. Anati wamva zonse masabata onsewa, ndipo iye akundikhulupirira, chifukwa munthu wa fumbi sakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anzake onse anawaika zisanakwane zisanu. Anati mdzukulu wake Mariyamu amagulitsa masamba pa steshoni ya Hartley. Tabitha akangomufikitsa mwana pamenepo, Mariyamu adzakwera naye n'kumuimika pamaso pa sisitala, chipsera ndi mano ndi zonse. Tabitha sadzaoneka n'komwe.

Kwa nthawi yoyamba mwezi uno ndagona masana popanda piritsi.

Lamulungu, 14 Julayi

Tabitha wavomera. Wachita kulumbira pa manda a amayi. Loweruka likubwerali, bambo akapita kukaimba simbi ya m'mawa, adzamubereka mwana mpaka ku steshoni. Akuti Enelesi wapepuka moti akhoza kumunyamula ndi dzanja limodzi. Amafunsa ngati baba ake adzabwera ndi masiwiti. Ndamupempha Gordon andigulire a peni imodzi, ofiira.

Ndinamugwira Tabitha dzanja n'kumuuza kuti asaonetse nkhope yachilendo pakhomo, asachape zovala za mwana tsiku lachilendo, bambo amaona zonse.

Lachinayi, 18 Julayi

Sikelo 106. Jakisoni amusiya chifukwa cha makutu. Dokotala sanaime nthawi yaitali pa ine. Kwatsala masiku awiri.

Loweruka, 20 Julayi

Ndakhala pawindo kuyambira m'mawa, Gordon wandiikira mpando. Sitima yoyamba yadutsa. Yachiwiri yadutsa. Mariyamu wafika yekha madzulo ndi dengu lake. Akuti anadikira mpaka masamba anafota.

Lamulungu, 21 Julayi

Ndilemba basi.

Bambo abwera. Ulendo woyamba chindigonekere muno. Analowa atatsamira ndodo, mpango m'khosi, akuima pa bedi lililonse kuti apume. Anakhosomola pakhomo, chifuwa chawo chija chochokera pansi, ndipo odwala enieni anatembenuka kuwamvera chisoni. Nesi anathamanga ndi mpando, wina anabwera ndi tiyi. Masaya awo ndi odzaza. Dzanja limene anandigwira nalo ndi lolimba ngati mpini.

Ndinafunsa kuti Enelesi ali kuti. Anandiuza modekha, akuuzira tiyi. Anaona Tabitha akuchapa kabulangete ka mwana Lachitatu, ndipo anamufunsa mpaka anaulula. Lachinayi a Sitefano, mdala wa pakhomo loyandikana, amabwerera kwawo ku Dedza ndi akazi awo. Bambo anawapatsa mwanayo kuti akamusiye kwa azakhali anga, mlongo wawo amene sanamuone chichokere mu 1927 ndipo sadziwa ngati ali moyo. Sitima mpaka Salisbury, kenaka malole a ulere kudzera ku Mtoko ndi ku Tete, pamtunda popanda denga, mwezi uno wozizira. Akuti kumudzi mphepo ndi yabwino, ndipo mwana akaphunzira mwambo. Lero ndi tsiku lachinayi ali m'njira.

Ndinafuna kukuwa kuti wodi yonse imve. Ndinafuna kunena kuti munapha amayi, mwandipha ine, mwana wanga anakulakwirani chiyani. Mawu sanatuluke. Chinatuluka ndi chifuwa, ndipo sichinasiye. Ndinagwira kapu, magazi anadzaza, anasefukira pa bulangete, pa malaya awo. Che Salehe ankaitana sisitala.

Bambo anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali, ngati mmisiri akuyang'ana ntchito ya mnzake. Kenaka anandisisita pamsana, anawerama pa khutu langa lomva, n'kunong'ona kuti:

"Usachulutse, mwana wanga. Ukachulutsa amayamba kukayikira."

Anamaliza tiyi wawo. Nesi anawaperekeza mpaka kuchipata atawagwira mkono.

Lachiwiri, 23 Julayi

Andisamutsira pabedi la pafupi ndi khomo, aika nsalu yotchinga. Sikelo sanandikweze. Gordon wafunsa kuti masiwiti aja achite nawo chiyani. Ndati awasiye pomwepo.